Mtengo ukatsekedwa watsekedwa basi, tisalembe malamulo athuathu a Magic pa Kasungu

Sabata yonse ino foni yanga sinapume. Kagulu kathu ka anthu osewera makhadi a Magic: The Gathering pano pa Kasungu boma kagawanika pawiri, ena mpaka kutuluka pa WhatsApp n'kubwereranso usiku womwewo, ndipo nkhani yake ndi imodzi, yoti khadi imalipiridwa bwanji. Pali anzathu amene akufuna kuti Loweruka likubwerali tivote, tilembe malamulo athuathu a pa khonde, oti mtengo wa khadi uzisintha zinthu zikasintha uli mkati molipira, oti zomwe walipira zizibwezedwa mnzako akakutchingira khadi, komanso oti khadi yaulere izikhala yaulere zivute zitani. Ine ndikuti ayi pa zonse zitatu, ndipo ndineneretu pano pomwe kuti wina asadzati ndazemba. Lamulo la eni masewerawa, loti mtengo umawerengedwa kamodzi, n'kutsekedwa, n'kulipiridwa wonse osabwezanso, ndi limene limateteza munthu wofatsa kwa munthu wolongolola. Tikalichotsa, pa khonde paja azipambana ndi amene ali ndi mawu aakulu.

Kwa inu amene mumangotidutsa kuseri kwa depoti n'kumaganiza kuti tikutchova njuga, ndifotokoze pang'ono. Masewerawa anawapanga ndi Richard Garfield, munthu wa masamu wa ku America, ndipo kampani ya Wizards of the Coast inawatulutsa mu 1993. Aliyense amayamba ndi moyo 20, cholinga n'kumutsitsa mnzako mpaka pa ziro. Khadi yoponya imakhala ndi mtengo pakona yam'mwamba, ndipo ndalama yake ndi chinthu chotchedwa mana, osati mana a m'chipululu aja a m'Baibulo ayi. Mana imachokera ku makhadi amene ife timangowatchula kuti minda, ukaifuna umagoneka mundawo chammbali, ndiye kutapa kumeneko, mawuwo anachita kugwirizana okha ndi kutapa ufa m'thumba. Ili ndi mitundu isanu, yoyera, yabuluu, yakuda, yofiira ndi yagirini, ndipo mtengo umakhala ndi mbali yofuna mtundu wakutiwakuti, ndi mbali ya nambala imene ungalipire ndi mana ya mtundu uliwonse. Makhadi athu ambiri ndi osindikiza pa shopu ya fotokope n'kumata pa katoni, enieni ndi ochepa amene anabwera m'chikwama cha achimwene a mnzathu wina kuchokera ku Joni, nde musaganize kuti tikulimbirana ndalama.

Zinayamba chonchi. Loweruka lapitali mnyamata wathu wa kabaza, amene amasewera deki (mpukutu wa makhadi ake osewerera) yofiira ndi yakuda, anali ndi khadi ya kachilombo kotchedwa Thunderscape Familiar pa tebulo. Ntchito ya kachilomboka ndi kutsitsa mtengo wa makhadi akuda ndi agirini ndi mana imodzi. M'manja anali ndi Altar's Reap, mtengo wake mana ziwiri, ina yakuda ina ya mtundu uliwonse, kuphatikizapo kupereka nsembe chilombo chako chimodzi, ndiye umatola makhadi awiri. Munda wosatapa unamutsalira umodzi wokha. Anatapa umodziwo, n'kunyamula Familiar yemweyo kumuponya kumanda (kumene kumapita makhadi amene atha ntchito), n'kutambasula dzanja kuti atole makhadi ake. Aphunzitsi athu a ku sekondale, amene amasewera yoyera ndi yabuluu, analigwira dzanjalo lili m'malere. "Iyayi mphwanga, wotsitsa mtengoyo wamupha wekha, ndiye mtengo wabwerera pa ziwiri. Inayo ili kuti?" Mnyamata anangoti, "Aphunzitsi, mtengo tinamvana kale iyeyu ali moyo." Pasanathe ola, yemweyo anaponya Fling, khadi imene umapereka nsembe chilombo n'kumumenya mnzako molingana ndi mphamvu ya chilombocho, anapereka chachikulu chimene anali nacho, aphunzitsi n'kuitchinga ndi Counterspell. Nde taonani, mnyamata yemwe uja amateteza lamulo posachedwa pomwepa anayamba kutola chilombo chake kumanda kuti chibwerere, eti katundu sanalandire kkkk.

Tiyambe ndi mfundo ya aphunzitsi, chifukwa si yopusa ayi. Aliyense angaganize choncho, chimene chimatsitsa mtengo chachoka, kutsikako kutsalirenji? Koma taonani mmene kuponya khadi kumayendera m'buku la malamulo, pa gawo 601.2. Umaonetsa khadi, umanena zosankha zako zonse, kaya ulipira mwa njira ina kaya uwonjezera kanthu, umaloza amene ukufuna kumumenya, kenako umawerenga mtengo wonse. Umayambira pa wolembedwa pa khadi, kuwonjezera zonse zokweza, kuchotsa zonse zotsitsa, ndipo ukafika pamenepo mtengo watsekedwa. Pambuyo pake m'pamene umatapa minda n'kulipira, ndipo polipirapo ungayambe ndi chilichonse chimene wafuna. Nsembe ija ndi gawo la kulipira, choncho pamene Familiar amapita kumanda n'kuti mtengo utatsekedwa kale. Choseketsa n'chakuti makhadi awiri enieniwa, Altar's Reap ndi Thunderscape Familiar, ndi omwe bukulo linaika ngati chitsanzo pa lamulo limeneli, mnyamata wathu sanapeke chinyengo chatsopano.

Komabe kungoti buku latero sikuyankha munthu, funso la aphunzitsi ndi loti kodi lamulolo ndi labwino. Ndiye tiyeni tiliyese lawolo tione. Ngati mtengo uzisintha uli mkati molipira, mnyamata uja akanangoyamba ndi kupereka mana yake imodzi Familiar akadali moyo, za mana zatha, kenako nsembe. Wina amene wayamba ndi nsembe alipire ziwiri. Khadi imodzimodzi, tebulo lomwelo, mtengo kusiyana chifukwa cha dzanja limene layamba kusuntha. Ndani azikhala ndi maso oona zimenezo pa khonde pomwe wina akukukuta chimanga chootcha, wina akuyankha foni ya kasitomala, wina akuthamangitsa makhadi ouluka ndi mphepo? Sabata iliyonse kuzikhala "unayamba ndi nsembe ndinakuona", "bodza ndinayamba n'kutapa", ndipo mlandu wotero amawina ndi wamkulu kapena waukali. Tonse tikukumbuka November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mmene zinalili kulowa m'shopu mtengo wa shuga uli wina pa shelefu, kufika pa kauntala akukuuza wina. Palibe anatuluka akuti ichi ndiye chilungamo. Ndipo wa kabaza aliyense amadziwa kuti mukamvana mtengo pa depoti wopita ku Chankhanga, mphepo ikayamba kuomba kutsogolo pakati pa njira iye sakweza, ikamukankha kumbuyo inunso simutsitsa.

Pamenepa m'pamene ndikufuna aphunzitsi amvetsetse, chifukwa mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Iwo amakonda Thalia, Guardian of Thraben, chilombo chimene chimakweza ndi mana imodzi khadi iliyonse imene si chilombo, ya aliyense, mwini wake yemwe. Munthu amene ali ndi Thalia wake pa tebulo akafuna kumupereka nsembe pa Altar's Reap amalipira mana zitatu, sangati wokweza mtengo ndamupha ndiye ndilipire ziwiri. Lamulo lotseka mtengo limamukomera wina lero, mawa limamuluma, silinapangidwire deki yofiira kapena yabuluu.

Chachiwiri ndi nkhani yobweza, ndipo apa mitima yatentha kwambiri chifukwa aliyense zinamuonekerapo. Obwezawa akuti ndapereka chilombo changa, ndatapa minda yanga, khadi yatchingidwa, sindinapeze kalikonse, mnzanga wangotaya khadi imodzi ine ziwiri, chilungamo chili pati? Akuwonjezeranso kuti ongoyamba kumene akaona zotere amagwa ulesi osabweranso, pomwe kagulu kathu n'kochepa kale. Za ongoyambawo ndikuzimva ndipo ndizibwerera. Koma mfundo yoyambayo yasakaniza zinthu ziwiri, mtengo ndi zotsatira. Ukalipira sunagule zotsatira, wagula mpata woti khadi yako ikwere pa mulu wa makhadi oponyedwa kumene n'kudikira ngati mnzako ali ndi yankho. Ife a ku Kasungu si ofunika kuphunzitsidwa zimenezi. Wathira feteleza mu fodya wako, January n'kubwera ng'amba, masamba kupserera uli kuyang'ana, kodi umanyamula matumba opanda kanthu kubwerera kwa wogulitsa kuti katundu wanu sanagwire ntchito ndibwezereni? Umadziwa kuti pothira paja unali kubetcha ndi mitambo.

Kuwonjezera apo, obwezawa akuiwala zimene lamulo lomweli limawapatsa. Popeza nsembe ya Fling ndi mtengo, palibe angalowerere pakati. Mnzako olo akhale ndi khadi yomenyera chilombo ngati Lightning Bolt m'manja ndi munda wosatapa, sangaphe chilombo chako pamene wanena kuti ukuchipereka, chifukwa nthawi yolipira palibe amapatsidwa mpata woyankha, akamadzaupeza mpatawo n'kuti chili kumanda kale. N'chifukwa chake anyamata ochenjera amadikira dala mnzawo aponye khadi yopha chilombo chawo, iwo n'kuchipereka nsembe pompo, kutola makhadi awiri, ya mnzawoyo n'kugwa pansi yopanda chomenya. Mnyamata wathu wa kabaza ndiye katswiri pa zimenezi, ndamuonapo akuvina atachita zotere. Kukoma kumeneko munakulandira ndi manja awiri, nde kuwawa kwake mukukana bwanji? Walira mvula walira matope. Eni masewera akanafuna kuti nsembe izichitika pokhapokha khadi yadutsa akanailemba ngati zotsatira, ndipo makhadi olembedwa choncho alipo, amenewo akatchingidwa chilombo chako chimangokhala phee pa tebulo. Kusiyana kumeneku n'kochita kufuna, ndipo Fling ndi yotchipa chonchija, mana ziwiri zokha, chifukwa uli ndi choti utaye. Tsopano ganizirani mbali inayo. Tikamabweza, aphunzitsi ataya Counterspell ndi mana zawo ziwiri, iwe minda yako yadzukanso, chilombo chabwerera, uponyanso ina nthawi yomweyo. Deki yabuluu yafera pomwepo, ndipo masewera atsala oti aliyense azingoponya chimene ali nacho osaganiza kaye kuti minda iwiri yabuluu yosatapa ija ikutanthauza chiyani, pomwe kuganiza kumeneko ndiye kukoma kwake kwenikweni kwa masewerawa.

Anzathu amene anachokera ku masewera ena a makhadi otchedwa Yu-Gi-Oh! akudziwa kuti kumenekonso ndi chimodzimodzi. Khadi ya Solemn Judgment imafuna theka la moyo wako, wina akaikana, theka lija lapita basi. Kampani yawo ya Konami kuyambira 2011 inayamba kulemba makhadi mosiyanitsa dala, zochita poyambitsa khadi monga kulipira zimalembedwa patsogolo pa kadontho kokhala ndi kamchira pansi kaja, zotsatira pambuyo pake, kuti anthu asamakangane monga tikuchitira ifemu. Ndipo mu Magic kubweza kulipo ndithu, koma malo ake ndi ena. Ukayamba kuponya khadi n'kuzindikira kuti wawerenga molakwika, mana sizikukwana, zonse zimabwerera mmene zinalili, khadi m'manja, minda kudzukanso. Chimene kulibe ndi kulipira theka, kapena "ndikupatsani tikatembenuka". Ngongole kulibe, ndipo moyo sungalipire woposa umene uli nawo.

Chachitatu anabwera nacho ndi aphunzitsi omwe, madzulo a tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Force of Will ndi khadi ya 1996, mtengo wake mana zisanu, koma imalola kuti m'malo mwake ulipire moyo umodzi ndi kuchotseratu m'masewera khadi ina yabuluu ya m'manja mwako, nde anthu amangoitchula kuti yaulere. Iwo anali ndi Thalia wawo pa tebulo, minda yonse atatapa, n'kufuna kuiponya, tinawauza kuti mana imodzi ya Thalia ikufunikabe. Mfundo yawo ndi yoti khadi yanena yokha kuti usalipire mana, tsono mana imeneyi ikuchokera kuti? Ikumveka, koma khadiyo sinanene kuti usalipire mana ina iliyonse, yangoti m'malo mwa mtengo wolembedwa pakona uja. Njira ina yolipira imangosintha poyambira, zokweza zimabwerabe pamwamba. Amalume akakupatsa thumba la chimanga laulere ku Santhe, a minibasi sakunyamulira ulere, ndipo wa chigayo naye akudikira yake.

Wina pagulu anafunsa kuti bwanji aliyense azisankha yekha choyamba, kuchotsa kapena kuwonjezera, si masamu ake ndi amodzi? Si amodzi aise. Lightning Bolt ndi mana imodzi yofiira basi. Goblin Electromancer amatsitsa makhadi otere ndi imodzi, koma amangodya mbali ya nambala ija, ya mtundu sakhudza, choncho Bolt payokha siitsika. Tsopano bweretsani Thalia. Mukayamba ndi kuchotsa, palibe chochotsa, kenako Thalia awonjezera, mwalipira ziwiri. Mukayamba ndi kuwonjezera monga lamulo linenera, Thalia aika imodzi, Electromancer aichotsa, mwalipira imodzi. Mayankho awiri pa tebulo limodzi, ndiye pakufunika njira imodzi imene tonse taidziwiratu tisanakhale pansi. Palinso Trinisphere ya 2004, imene ikakhala yosagonekedwa imati khadi iliyonse yosakwana mana zitatu ikwane zitatu, iyo imayang'anidwa pomalizira penipeni, zokweza ndi zotsitsa zitatha. Bolt pansi pa Thalia ndi Trinisphere ndi mana zitatu osati zinayi, ndipo Force of Will yaulere ija imafunanso zitatu pamwamba pa moyo ndi khadi. Mukavota zoti yaulere ndi yaulere, makhadi ngati amenewa, omwe anapangidwira dala kuti azilanga okonda zaulere, asanduka mapepala oyatsira mbaula.

Mfundo imene ikundivuta kwambiri ndaisungira kumapeto, ndipo anainena ndi mlongo wathu wina amene salankhulalankhula. Anati buku la malamulo lija lili ndi masamba oposa 200, m'Chingerezi cha maloya, ife timabwera pa khonde kudzapuma osati kudzalemba mayeso, ndipo olo bawo amene amasewera mosiyana malinga ndi dera, bwanji ife tisakhale ndi kaseweredwe kathu? Anawonjezera kuti amene amadziwa Chingerezi ndi amene ali ndi bandulo yofufuzira pa intaneti ndi amene amapindula ndi malamulo ovutawa, enafe timangouzidwa. Apa ndiye wanena zoona, ndipo ine ndemwe ndinachitapo zotere, kutulutsa foni n'kuwerenga ndime mothamanga kuti munthu angokhala chete. Zimenezo n'zoipa ndipo tizisiye. Koma mankhwala ake si kulemba malamulo ena. Pa bawo nkhomo zonse n'zofanana, mukagwirizana kaseweredwe mwatha. Magic ili ndi makhadi osiyanasiyana oposa 20,000, ndipo iliyonse inalembedwa poganiza kuti mtengo umatsekedwa komanso subwezedwa. Mukasintha pamodzi, sabata yamawa wina abwera ndi khadi imene lamulo lathu silinaiganizire, tivotenso, sabata inayo ina, pofika nyengo yokolola tili ndi buku lathu lalitali losagwirizana lokha, losungidwa m'mutu mwa anthu awiri atatu. Pamenepo wofatsa uja ndiye watheratu, chifukwa buku la eni ake olo ndi lovuta lili poyera, aliyense angalitsegule n'kumutsutsa mphunzitsi, pomwe la pa khonde mwini wake ndi amene akukumbukira mokweza mawu.

Sindikunena kuti malamulowa anagwa kumwamba ayi. Eni ake amawasintha, mwachitsanzo kale ukatapa mana n'kulephera kuigwiritsa ntchito inkakuchotsera moyo, mu 2009 anachichotsa chimenecho. Koma iwo akasintha amasintha kwa dziko lonse nthawi imodzi, n'kukonzanso mawu a makhadi amene akhudzidwa, ntchito imene ife ndi fotokope yathu sitingaithe. Ndiponso ana athu a sukulu amene akusewera Magic Arena pa foni, makina amawawerengera mtengo motsata lamulo lenileni, nde tiziwaphunzitsa ziwiri zotsutsana, china pa foni china pa khonde? Tsiku lina wina mwa iwo adzakhala pa tebulo ku Lilongwe kapena ku Joni komweko, adzatole chilombo kumanda anthu n'kumudabwa.

Za ongoyamba kumene zija, yankho langa ndi ili. Munthu watsopano akaponya Fling osadziwa kuti nsembe siibwerera, muloleni abweze kamodzi, mumufotokozere, museke, masewera apitirire. Umenewo ndi ulemu wa pa khonde ndipo sufunika voti, wopereka ndi mnzake amene akusewera naye, mwa kufuna kwake. Kungoti mnyamata wa kabaza uja watha chaka ndi theka akusewera, ameneyo asatinamize.

Ndipo gawo lonse la mtengo silifuna masamba 200. Ndalilemba m'Chichewa kuseri kwa katoni ya sopo ndi cholembera chakuda, mizere isanu yokha, poyambira, zokweza, zotsitsa, Trinisphere ndi anzake, kutseka n'kulipira, ndipo Loweruka ndibwera nayo ndiikhome pa chipupa pafupi ndi pomwe timatchajira mafoni, kuti mlongo wathu uja asamadikire munthu wa bandulo. Aphunzitsi anditumizira uthenga dzulo usiku cha m'ma 11, kufunsa ngati munthu angapereke nsembe Thalia wa mnzake kuti athane naye. Sizitheka aphunzitsi, nsembe umapereka chimene chili mbali yako yokha, ndipo olo zikanatheka mana yowonjezera ija mukanalipirabe.